Funsani Alangizi: AI yanga ikusungitsa woperekeza osauzidwa

Alangizi,

Ndine mnyamata wa ku Matawale kuno ku Zomba, ndinaphunzirako za makompyuta. Anzanga ena amaperekeza alendo paphiri la Zomba, ndiye ndinawapangira AI yoyankha alendowo pa WhatsApp. Ndinaipatsa zida zitatu: choonera nyengo, choonera mtengo wa ulendo ndi chosungitsira woperekeza. Chilichonse ndikachiyesa pachokha chikugwira bwinobwino. Koma mlendo wina anangofunsa kuti kupita ku Chingwe's Hole ndi ndalama zingati, iyo n'kumusungitsira woperekeza. Mnzanga analawirira kukwera phiri, n'kukadikira munthu wosabwera. Mlendo wina inamuuza kuti kunja kwawala, atafika ku damu la Mulunguzi anapeza chifunga chokhachokha. Kodi ndigule AI yodula?

Wothedwa nzeru, Matawale

Achimwene,

Ndalama zanuzo zisungeni kaye. Ndikukayikira mawu amene munalemba pofotokoza zidazo. Kuyambira mu June 2023, pomwe OpenAI inatsegula njira yoti AI iziitana zida, mpaka pa Model Context Protocol yomwe Anthropic inatulutsa mu November 2024, kachitidwe kake n'kamodzi: AI siona pulogalamu yanu m'kati. Imaona dzina la chida, mawu ochifotokoza, ndi zimene chidacho chimafuna kupatsidwa. Ngati pachosungitsira munangolemba kuti "chimathandiza pa maulendo apaphiri", funso la mtengo nalonso ndi la maulendo apaphiri, ndiye iyo inalakwa pati?

Yesero loyamba silifuna ndalama. Koperani mawu ofotokozawo papepala, mupatse munthu amene sanapondepo ku Zomba, tinene msuweni wa ku Karonga. Muwerengereni mafunso a alendo, iye azinena chida chimene angatenge ndi zimene angalembemo. Akangoti "kodi apa mukutanthauza chiyani?", lembani chizindikiro pamenepo. Munthu amafunsa, pamene AI nthawi zambiri imangolota n'kupitiriza.

Za chosungitsira ndikhalitsepo, chifukwa ndicho chokhacho mwa zitatuzo chimene chimadzutsa munthu m'mamawa. Mawu ake anene poyera kuti chikaitanidwa, uthenga ukupita kwa woperekeza ndipo tsikulo latsekedwa. Anene nthawi yosachigwiritsa ntchito: mlendo akungofunsa mtengo, kapena sanatchule tsiku ndi chiwerengero cha anthu. Anenenso chida choyenera m'malo mwake. Ambiri amalemba zimene chida chimachita n'kuiwala zimene sichichita, pomwe vuto limagona pamenepo. Komanso musadalire mawu okha: pulogalamuyo izikana kusungitsa mpaka mlendo atavomera. Tsiku nalo lilembedwe mwanjira imodzi, chaka, mwezi, kenako tsiku, chifukwa 03/04 kwa ife ndi 3 Epulo, kwa wa ku America ndi 4 Malichi. Ndalama zitchulidwe ngati ndi makwacha kapena madola.

Za chifunga zija n'zosavuta. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 950, pomwe nsonga ya phiri imapitirira mamita 2,000. AI ikalemba "Zomba" basi, chida chimabweretsa nyengo ya kumsika. Chipatseni malo awiri osankhapo, tauni kapena pamwamba paphiri, ndipo ngati chimadziwa za m'tauni zokha, mawu ake anene choncho. Chitaninso chimodzimodzi ndi mayina a malo: Emperor's View, pomwe panafika Haile Selassie mu 1965, ndi Queen's View zili moyandikana, ndipo alendo amazisokoneza. Lembani mndandanda wa mayina ololedwa.

Tsopano kuyeza kwenikweni. Mawu ofotokoza chida sitiwaweruza ndi kukoma kwake powerenga, koma ndi zimene AI yachita itawawerenga. Tolani mafunso enieni a alendo, mwina 30, mutachotsa mayina ndi manambala a foni. Muphatikizemo Achichewa, Achingerezi ndi osakaniza aja timalemba tonsefe. Pafunso lililonse lembani pambali chida choyenera. Musaiwale mafunso osafuna chida chilichonse, monga "kodi sitiroberi zija amagulitsa m'mbali mwa msewu zilipo?" Yendetsani onsewo kangapo, pakuti AI siyankha mofanana nthawi zonse, kenako werengani pomwe yasankha chida cholakwa ndi pomwe yalemba zolakwa m'chida choyenera. Sinthani chiganizo chimodzi, muyendetsenso. Mukasintha zisanu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Onaninso zimene chida chimayankha chikalephera. "Error 400" siithandiza AI. "Tsiku limeneli woperekeza palibe, funsani mlendo tsiku lina" imaipatsa chochita.

Mukachita zonsezi koma zolakwa n'kukhalabe zambiri pamafunso omwewo, pamenepo ndiye yesani AI ina. Muiyese ndi mndandanda womwewo musanalipire.