Nyumba ya Alendo ya ku Cape Maclear

Tikaima pamtunda kuno ku Mua tsiku lopanda nkhungu, ndi kuyang'ana kum'mawa, tiona nyanja, ndipo patsidya pake tiona mapiri a ku Nankumba. Kumapeto kwa mapiri amenewo kuli mudzi wa Chembe. Malowo Azungu anawatcha Cape Maclear, dzina limene Dr. Livingstone anapereka m'chaka cha 1861 polemekeza bwenzi lake, Thomas Maclear, wodziwa za nyenyezi.

Azungu oyamba kumanga pamenepo anali amishoni a ku Scotland. Anafika mu 1875, koma malungo anawapha ena, ndipo otsala anasamukira ku Bandawe mu 1881. Manda awo alipo kufikira lero.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, panamangidwa hotela pafupi ndi madzi. Hotela ndiyo nyumba imene munthu wa paulendo agonamo ndi kudyamo, nalipira ndalama. M'kati mwa nyumba yotere mumakhala zipinda zambiri, chilichonse ndi kama wake ndi ukonde woletsa udzudzu. Mumakhalanso chipinda chachikulu chodyera, khitchini, ndi khonde lopumulirapo. Masiku amenewo nyumba zotere zinali za Azungu. Anthu akuda ankalowamo pa ntchito pokha, kuphika, kuchapa ndi kuperekera zakudya.

M'chaka cha 1949 panaoneka chodabwitsa. Ndege zazikulu za kampani ya BOAC, zimene mimba yake inali ngati ya ngalawa, zinayamba kutera pamadzi penipeni. Zinkachokera ku Southampton, ku England, kunka ku Johannesburg, ndipo ulendo wonsewo sunali kukwana sabata. Alendo ankatsikira m'boti, nawolokera kumtunda kukadya ndi kupumula.

Koma zimenezi sizinakhalitse. Ndege zotera pamtunda zinapambana liwiro, ndipo mu 1950 kampani inaleka kuyendetsa ndege zam'madzi zija. Msewu wofika ku Cape Maclear unali woipa, kotero alendo anasowa, ndipo hotela inatsekedwa. Malowo tsopano ali m'kati mwa nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980.

Ana inu, makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chifukwa chake timlandire bwino akadalipo. Koma tisaiwale kuti mame sadzaza mtsuko. Nyumba ija inadalira alendo akutali okha, ndipo iwo ataleka kufika, inatha. Mudzi wa Chembe, umene unadalira nyanja ndi makoka ake, ulipobe, ndipo ukulandira alendo ena.

Mafunso

1. Kodi dzina la Cape Maclear linachokera kuti?
2. Tchulani zipinda zitatu za m'hotela.
3. Hotela ija inatsekedwa chifukwa ninji?
4. Kodi kwanu mlendo mumamlandira bwanji?