Musanagule sabata ya pa chilumba, werengerani ulendo wonse

Ndalama za fodya ndi soya zikayamba kulowa, cha mu Meyi ndi Juni, mabanja ena a ku Mponela, Madisi, Malomo ndi Nthondo amayamba kukamba zoti chaka chino ana akaone nyanja. Nthawi zina nkhaniyi imabwera pa foni kuchokera kwa mlongo kapena mlamu wa ku Joni, amene wapezana ndi ogulitsa timeshare ndipo akufuna kuti abale asonkhe, banja likhale ndi malo ake pa chilumba china, kaya ku Mauritius kapena ku Mozambique. Pa zithunzi malo onsewa amaoneka ofanana, mchenga woyera ndi madzi obiriwira. Kusiyana kwake kumaoneka mukayamba kuwerengera.

Timeshare imayenda motere: mumalipira ndalama zambiri kamodzi, n'kupatsidwa ufulu wogona m'chipinda kapena m'kanyumba ka pa malo achisangalalo sabata imodzi chaka chilichonse. Masabata otsalawo ndi a anthu ena amene simuwadziwa. Malondawa anayambira ku Ulaya, kumene kampani ya Hapimag ya ku Switzerland inakhazikitsidwa mu 1963, ndipo mu 1974 ku America kunabadwa RCI, yomwe imathandiza eni masabata kusinthana malo. Ku South Africa anafala kwambiri moti boma linawaikira lamulo lakelake mu 1983. Kwathu kuno malo ogona odziwika a pa zilumba za nyanja ya Malawi amalipiritsa pa usiku. Choncho banja la kumapiri kuno lili ndi zinthu ziwiri zoti lifananitse: malo ndi malo anzake, komanso kulipira masiku amene mwagona okhawo ndi kudzimanga pa pangano la zaka zambiri.

Yambani ndi msewu, mtengo wa chipinda ubwere pambuyo. Kwa munthu wa ku Dowa chilumba chapafupi chokhala ndi malo ogona ndi Nankoma, chimodzi mwa zilumba za Maleri. Mutsika msewu wa Salima kudzera pa Chezi ndi Mvera mpaka ku Senga Bay, kenako boti la a Blue Zebra Island Lodge limakuwolotsani. Mukanyamuka m'mawa mufika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Zilumba za Mumbo ndi Domwe zili kutsogolo kwa mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, ulendo wodzera ku Salima, Golomoti ndi njira ya Monkey Bay. Zilumba zonsezi zili m'kati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndiye pali ndalama yolowera m'paki imene ena amaiwala kuiwerengera. Mulibe midzi, mulibe golosale. Chimene simunanyamule mudzachigula kwa eni malo pa mtengo wawo.

Likoma ndi nkhani ina. Ndi boma palokha, lili ndi midzi, msika ku Mbamba, chipatala, ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Malo ogona alipo a matumba osiyanasiyana: Kaya Mawa ndi ya anthu a madola, Mango Drift ndi Ulisa Bay Lodge n'zofikirikako, ndipo pafupi ndi msika pali maresitihausi wamba. Pa chilumba cha Chizumulu pali Wakwenda Retreat. Vuto la Likoma ndi kafikidwe. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, imadutsa kamodzi pa sabata popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera, choncho mukaidalira, masiku amene mukhale pa chilumba amasankha ndi sitimayo. Wa ku Ntchisi angaganize zodzera pa Malomo n'kutsikira ku Nkhotakota, koma afunse kaye ngati sitima ikuima kumeneko sabata imeneyo, chifukwa madoko ake amasinthasintha, ndipo nthawi zina imakhala ikukonzedwa ku Monkey Bay. Doko limene anthu ambiri opita ku Likoma amadalira ndi la Nkhata Bay. M'bajeti yanu ikanimo ndalama ya masiku awiri apadera ogona ndi kudya, yoti musaikhudze mpaka mutaponda kumtunda.

Kenako nyengo, ndipo apa ndi pamene ife a kumapiri timapusitsika. Ndalama zathu zimabwera nthawi ya mwera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya kumwerayi imavundula nyanja, maboti ang'onoang'ono amalephera kunyamuka, ndipo mwana amene sanakwerepo boti amasanza njira yonse. Nyanja imadekha bwino cha mu Seputembala ndi Okutobala, kukutentha. Ngati n'kotheka sungani ndalamayo mpaka kumapeto kwa holide yaitali ya sukulu, ana asanatsegulire. Sabata ya tsiku la anakubala, 15 Okutobala, ku Salima kumadzaza anthu, zipinda zimatha msanga ndipo zotsala zimakwera mtengo. Disembala mpaka Febuluwale ndi nthawi yopalira, yothira feteleza, yothyola fodya ndi yolipira fizi. Palibe mlimi wa ku Dowa amene angasiye chigafa kupita kukasambira.

Ndi chifukwa chake funso loyamba kwa wogulitsa timeshare likhale lakuti: sabata yake ndi iti? Mapangano ena amakupatsani sabata yokhazikika, yomweyo chaka ndi chaka. Ena amati musankha nokha, koma muyenera kubukitsa miyezi yambiri isanafike, ndipo masabata abwino amatha msanga. Enanso amagulitsa mapoyinti, omwe mtengo wake pa usiku kampani ingathe kuusintha. Zili ngati ng'ombe za pangolo zosonkherana: chaka chonse zili m'khola, koma sabata yotuta chimanga aliyense akuzifuna tsiku limodzi.

Funso lachiwiri ndi la ndalama yosamalira malo, imene ku Joni amati levy. Imalipidwa chaka chilichonse, mwapita kapena simunapite, ndipo imakwera. Ikakhala ya marandi kapena madola, kwa ife imakwera pawiri. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pambuyo pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Banja limene linali ndi ngongole ya ndalama zakunja linagona ndi mtengo wina n'kudzuka ndi wina. Tengani pepala: gawani mtengo wogulira ndi zaka zimene mukuona kuti mudzapitadi, onjezani levy ya chaka, ndalama yosinthira malo ngati ilipo, mapasipoti ndi matikiti a ndege a banja lonse, kenako gawani ndi masiku asanu ndi awiri. Yankho lake liyikeni pambali pa mtengo wa usiku umodzi ku Likoma kapena ku Senga Bay. Kwa mabanja ambiri a kuno, ine ndikuona kuti kulipira pa usiku kumapambana, chifukwa chaka chimene mvula yavuta mumangokhala pakhomo popanda wokulondolani ngongole.

Funso lachitatu ndi kotulukira. Mu 2017 bungwe loteteza ogula la boma la South Africa, National Consumer Commission, linachita kafukufuku pa malondawa litalandira madandaulo ambiri, ndipo lipoti lake linatuluka mu 2018. Dandaulo lalikulu linali la mapangano opanda malire a zaka, amene munthu sangathe kutulukamo ngakhale wakalamba kapena ntchito yamuthera. Wachibale wanu wa ku Joni afunse, ndipo yankho likhale lolembedwa: pangano litha liti, ndikafuna kusiya ndichite chiyani, ndikamwalira ngongole ya levy igwera ndani? Asasaine tsiku lomwelo limene amuitanira ku msonkhano wa tiyi ndi mphatso. Malamulo a kumeneko amapereka masiku asanu oti munthu asinthe maganizo, koma masiku asanu amatha pepala lisanafike kwa malume ku Kayembe kuti aliwerenge.

Ena amati bwanji tingosonkha tokha, timange kanyumba kathu ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota, tizisinthana. Maganizo amenewa ndi abwinoko, chifukwa ndalama ndi za kwacha ndipo malo mungathe kukawaona pa minibasi. Koma lembani zonse musanagule njerwa: dzina limene likhale pa mapepala a malo, wolipira mlonda, wokonza denga, mankhwala a chiswe, ndi kasinthasintha wa sabata ya Khirisimasi kuti isamagwere banja limodzi. Onaninso kutalika kwa malowo kuchokera m'madzi. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri a m'mphepete mwake. Funsani asodzi a pamalopo pamene madzi anafika chaka chimenecho. Adzakulozerani pa mtengo kapena pa khoma.

Mukasankha zolipira pa usiku, imbani foni malo atatu ndipo onse muwafunse zofanana. Mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa chipinda? Malo a pa zilumba ambiri amawerengera mutu uliwonse, ndiye banja la anthu asanu ndi mmodzi lingadabwe polipira. Chakudya chilimo? Amalola kuphika nokha? Ngati amalola, thumba la ufa, nyemba ndi mbatata ya kachewere ya kwathu zimadula bajeti ndi gawo lalikulu, ndipo usipa kapena utaka mugula kwa asodzi pa gombe. Funsani ngati pali mtengo wa nzika, popeza malo ambiri amatsitsira Amalawi, ndipo nyamulani chiphaso chaunzika. Funsaninso ngati boti lili mu mtengowo, ngati lili ndi majekete oyandamitsa okwana ana, ndiponso ngati misonkho yawerengeredwa kale.

Kunyanja udzudzu ndi wochuluka kuposa kumapiri kuno, choncho onetsetsani kuti bedi lililonse lili ndi neti yosabooka, ndipo mwana akatentha thupi mutabwerako thamangirani kukayezetsa malungo. Amene asambira, makamaka pa magombe a mabango pafupi ndi midzi, akaonane ndi achipatala za likodzo pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Ndalama yosungitsira malo mukatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, tumizani ku nambala imene mwaitsimikizira ndi eni malo enieniwo, sungani uthenga wake, ndipo akulembereni ngati adzakubwezerani kapena kukusinthirani tsiku sitima ikalephera kubwera.