Chimbudzi cha Paipi Chikayamba Kununkha

Chimbudzi chokhala ndi paipi yotulutsa mpweya chinayambira ku Zimbabwe, kumene Peter Morgan anachikonza ku Blair Research Laboratory m'zaka za m'ma 1970. Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta. Mphepo ikamaomba pamwamba pa paipi imakoka mpweya wonunkha wa m'dzenje, ndipo mpweya wabwino umaloŵera pakhomo ndi kutsikira pachiboo. Motero chimbudzi chotere chikanunkha, ndiye kuti njira ya mpweyayi yatsekeka pena pake, ndipo mwini wake ayenera kupafunafuna.

Nkhani ya fungo siyochepa. Ana amathaŵa chimbudzi chonunkha napita kutchire, ndipo mvula ikagwa imakokololera zonyansazo kuzitsime. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 muno m'Malaŵi, ndipo matendaŵa amayenda ndi madzi otere.

Poyamba munthu ayese ndi utsi. Tsiku la kamphepo atenge kansanza kofuka ndi kukagwira pamwamba pa chiboo, koma asakaponye m'dzenjemo, pakuti mpweya wina wa m'menemo umayaka. Utsi ukatsikira m'dzenje, paipi ilibe mlandu. Fungolo likuchokera pansi, pamene mkodzo waloŵerera m'dothi kapena m'ming'alu ya simenti. Mankhwala ake ndi madzi, sopo ndi kumata ming'aluyo.

Utsi ukangoima kapena kukwera kudenga, pafunika makwerero. Pamwamba pa paipi pamakhala kawaya ka sefa kotchinga ntchentche, ndipo kaŵirikaŵiri vuto limapezeka pomwepo. Akangaude amakonda malo ameneŵa chifukwa chakudya chimadzibweretsa chokha. Ukonde wao, pamodzi ndi ntchentche zakufa ndi masamba, umatseka paipi pang'onopang'ono kufikira mpweya utasoŵa podzera. Chidebe chimodzi cha madzi chothiridwa kuchokera pamwamba chimagwetsera zonsezi m'dzenje. Ali pomwepo aonenso kawayako: kakachita dzimbiri nikabooka, fungo silichuluka ayi, koma ntchentche zimatuluka ndi kukatera pa nsima.

Paipi iyenera kupitirira msonga ya denga ndi masentimita 50. Yaifupi imabisala kumphepo. Mtengo wa mango umene unali waung'ono pomanga chimbudzi ungathenso kukula ndi kutchinga mphepoyo. Nthambi zake zisadzidwe. Ngati khomo linafulatira kumene mphepo imachokera masiku ambiri, mpweya umabwerera pachiboo, ndipo cholakwa chimenechi chimavuta kukonza chimbudzi chitamangidwa kale.

Chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri ndicho chivundikiro. Iwo anaphunzitsidwa, ndipo nzoona, kuti pachiboo cha chimbudzi wamba pazikhala povundikira. Koma m'chimbudzi cha paipi chivundikiro chothina chimatseka khomo la mpweya, kotero kuti mayi waukhondo kwambiri ndiye amene nthaŵi zina amadzetsa fungolo mosadziŵa. Chofunika m'katimo ndi kamdima, kuti ntchentche za m'dzenje zitsate kuŵala kwa kupaipi ndi kukafera pa kawaya kaja.

Zonsezi zikakhala bwino koma fungo osatha, aunike m'dzenje ndi tochi. Zonyansa zikafika pafupifupi theka la mita kuchokera pa silabu, dzenjelo ladzaza. Likwiriridwe ndi dothi, ndipo lina likumbidwe kumunsi kwa chitsime, pamtunda wosachepera mamita 30.