Phunziro: Makhadi a Ngongole Osavuta Kupeza

Makhadi a ngongole sapezeka mofanana. Ku America, banki isanapereke khadi imayamba yaona mbiri ya munthu pa kubweza ngongole, imene imayesedwa ndi nambala ya FICO, kuyambira 300 kulekeza 850. Makhadi a mphotho zambiri amafuna nambala yapamwamba. Osavuta koposa ndiwo achikole: munthu amasungitsa ndalama kubanki, kawirikawiri madola 200, ndipo sangakongole zopitirira pamenepo. Makhadi a m'masitolo nawonso savuta, koma chiwongoladzanja chake nchokwera ndithu.

Tsono phunziro lathu nali: ngongole yosavuta kuitenga kawirikawiri ndiyo yowawa poibweza. Musanasaine, yambani mwafunsa za chiwongoladzanja. Mukalandira khadilo, bwezani ngongole yonse mwezi ndi mwezi.