Mankhwala Akumwa Koma Shuga Sakutsika: Bala la Mumtima ndi Matenda Amgonagona



Ambiri a ife tili ndi m'bale wodwala shuga, BP kapena mphumu, kapena amene ali pa ma ARV. Enanso ndife odwala eni ake. Mwina mwaonapo anthu awiri odwala matenda amodzi, akumwa mankhwala ofanana, wina n'kumapeza bwino pomwe mnzake akungobwerera kuchipatala. Zifukwa zake n'zambiri: chakudya, umphawi, mtunda, kusowa kwa mankhwala. Phunziro la lero litenga chifukwa chimodzi chomwe timachibisa kwambiri, bala la mumtima lomwe silinapole.

Ndikati bala la mumtima sindikunena kukhumudwa kwa tsiku limodzi ayi. Ndikunena zinthu zomwe zinamuchitikira munthu n'kumusiya ndi mantha okhalitsa: kumwalira kwa makolo ali wamng'ono, kugwiriridwa, kukula akuona mayi ake akumenyedwa, ngozi yapamsewu, kapena kuona matope akukokolola abale ake monga zinachitikira ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe pa Namondwe Freddy mu Marichi 2023. Zaka zimadutsa, koma munthu amalotabe zoopsa, amadzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, ndipo tulo sabwera.

Zimene madokotala anapeza

Cha m'ma 1985, Dr Vincent Felitti ankayendetsa kiliniki yothandiza anthu onenepa kwambiri ku San Diego, m'dziko la America. Chinamudabwitsa n'chakuti ambiri mwa amene ankasiya chithandizo anali omwe ankaonda bwino. Atawafunsa mozama, anapeza kuti ambiri anagwiriridwapo ali ana. Kuchoka apo iye ndi Dr Robert Anda wa bungwe la CDC anafufuza anthu oposa 17,000, ndipo zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1998. Amene anakumana ndi mitundu inayi kapena kuposa ya nkhanza ndi mavuto aakulu apakhomo ali ana, mpata woti adwale mtima unali wowirikiza kawiri poyerekeza ndi amene sanakumane nazo, ndipo wa matenda okhalitsa a m'mapapo unali wowirikiza pafupifupi kanayi.

Tisamve molakwika apa. Sikuti aliyense wodwala shuga anazunzidwapo, komanso sikuti aliyense wozunzidwa adzadwala. Zomwe tikuphunzira n'zakuti mtima ndi thupi zimalemetsana katundu.

Zimachitika bwanji m'thupimu?

Titenge chitsanzo cha shuga. Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mofulumira, BP imakwera, ndipo chiwindi chimathira shuga m'magazi kuti minofu ipeze mphamvu yothawira. Allah anatilenga choncho kuti tipulumuke pangozi, ndipo ngozi ikadutsa zonse zimabwerera m'malo. Koma kwa munthu amene bala lake silinapole, thupi limakhalabe tcheru ngati ngozi ija ikadalipo. Cortisol akamakwera pafupipafupi, insulin sagwira bwino ntchito yake yolowetsa shuga m'minofu. Kusowa tulo nakonso kumawonjezera vuto lomweli. Ndiye mapilitsi akutsitsa shuga mbali iyi, mantha akumukweza mbali inayo.

Zilonda nazonso zimachedwa kupola. Mu 1995, Janice Kiecolt-Glaser ndi anzake ku Ohio State University anacheka kabala kakang'ono pamkono pa amayi omwe ankasamalira abale odwala matenda oiwalaiwala, komanso pa amayi ena amsinkhu wofanana omwe analibe mtolo umenewo. Mabala a osamalira odwala aja anachedwa kupola ndi masiku pafupifupi 9. Awa anali otopa ndi nkhawa chabe. Ganizirani tsono wodwala shuga yemwe ali ndi chilonda kuphazi, chomwe kale n'chovuta kupola.

Njira yachiwiri ndi ya khalidwe. Kusamalira matenda amgonagona ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku: kumwa mankhwala pa nthawi yake, kusankha chakudya, kusunga tsiku lakuchipatala. Munthu amene wataya chiyembekezo mphamvu imeneyo alibe. Mu 2000, Robin DiMatteo ndi anzake atasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana anapeza kuti mwa odwala ovutika maganizo, mpata wosatsatira malangizo a dokotala unali wowirikiza katatu. Pali zinanso zomwe sizilembedwa m'kabuku kakuchipatala. Mlongo amene anagwiriridwapo atha kumathawa kuyezedwa chifukwa choopa kuvula pamaso pa munthu wachilendo. Kunyumba timangoti ngwamakani, osadziwa chomwe akuthawa.

Nanga Deen yathu ikuti chiyani?

Nthawi zambiri munthu akadandaula timamutseka pakamwa ndi mawu abwino: panga sabr, imani yako yafooka, mwina ndi majini. Koma tikumbukire Surah Yusuf, yomwe ambiri tinaiphunzira ku madrasa. Mneneri Yaaqub (AS) analira mwana wake kwa zaka zambiri, mpaka maso ake anachita khungu ndi chisoni. Ana ake anamudzudzula kuti adzidwalitsa n'kukumbukira Yusuf, koma iye sanakane kuti zikumupweteka. Anatula chisoni chake kwa Allah ndipo anatumabe ana ake kukafufuza. Mneneri wa imani yathunthu, chisoni chinafika mpaka m'thupi mwake.

Mtumiki Muhammad (SAW) anabadwa bambo ake atamwalira kale, mayi ake anamusiya ali ndi zaka 6, ndipo chaka chimene Khadija (RA) ndi Abu Talib anamwalira chimatchedwa chaka cha chisoni. Mwana wake Ibrahim atamwalira, misozi inatsika pamaso pa maswahaba. Sabr ndi kusam'pandukira Allah pa zomwe wakonza. Kubisa ululu mpaka thupi kuwonongeka si kumene tinalamulidwa.

Ma ulama athu akale anaziona izi. Abu Zayd al-Balkhi, wa ku Balkh komwe lero ndi Afghanistan, yemwe anamwalira mu 934, analemba buku la Masalih al-Abdan wa al-Anfus, lokamba za thanzi la thupi ndi la mtima pamodzi. Anafotokoza kuti chimodzi chikadwala chinzake chimavutika nacho, ndipo analangiza wovutika kumva uphungu wa munthu wanzeru wodalirika.

Tichite chiyani tsono?

Choyamba, mankhwala osasiya. Duwa, ruqya ndi uphungu zimayenda limodzi ndi metformin, insulin kapena ma ARV, sizilowa m'malo mwake. Matenda ambiri amgonagona satheratu, koma amagonja munthu n'kukhala ndi moyo wabwino kwa zaka zambiri.

Chachiwiri, mukapita kuchipatala musangonena za mutu ndi miyendo. Auzeni adokotala kapena anamwino kuti simukugona, mukulota zoopsa, kapena kuti pali zomwe zinakuchitikirani. Ngati mukufuna kuonedwa ndi mzimayi mnzanu, pemphani. Kuchipatala cha boma funsani ngati pali namwino wa zamaganizo. Palinso Zomba Mental Hospital, ndi Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kumeneko sikupita okhawo amene timawatcha amisala.

Chachitatu, kulankhula kumathandiza, ndipo umboni uli pafupi nafe. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa kiliniki n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri. Pa kafukufuku wa mu 2016 wa anthu 573, omwe pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse anali ndi HIV, patatha miyezi 6 amene anali akuvutikabe maganizo anali 14 pa 100 aliwonse mwa okhala pabenchi, pomwe mwa olandira chithandizo chanthawi zonse anali 50 pa 100.

Chachinayi n'cha ife osamalira odwala. Mukapita kukazonda, musathamangire kulalikira. Funsani kuti "mukugona bwanji masiku ano?" kenako khalani chete mumve. Musamukakamize kufotokoza zonse tsiku limodzi, komanso musamuuze kuti wadzidwalitsa yekha n'kuganiza. Zomwe wakuuzani ndi amana, osati nkhani ya pa gulupu ya WhatsApp. Akanena zofuna kudzipha, musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati wozunzidwayo ndi mwana, kapena nkhanza zikupitirirabe, nkhaniyo ikafike ku Victim Support Unit kupolisi.

Mutu umodzi susenza denga. Sabata ino, in shaa Allah, ganizirani wodwala mmodzi wa kwanu kapena wa kumzikiti kwanu, mukamuone, ndipo mufunse za mtima wake monga momwe mumafunsira za BP yake.

Allah achiritse odwala athu, apoze mabala ooneka ndi obisika, ndipo atipatse makutu omvetsera. Aameen.