Teremu yoyamba inatsala pang'ono kundibweza kumunda

Akuluakulu, takulandiraninso kuchokera ku holide. Ma Fomu 1, fikani, kuno ndi kwanu. Ine ndili Fomu 4, ndipo ndati ndilembe zimene ndinkafunika kumva tsiku limene ndinafika pano, yunifolomu ikadanunkha sitolo.

Teremu yanga yoyamba masamu ndinapeza 24 pa 100. Bambo ataona lipoti anangoti, "Ngati sukuluyi yakukanika, khasu lilipo." Sankaseka ayi. Anali atagulitsa mbuzi kuti ndipeze nsapato, makope ndi chikwama. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Chinandigwetsa si umbuli. Ndinkadikira kuti sukulu "iyambe bwinobwino". Masabata atatu oyamba notsi zonse ndinkalemba m'kope limodzi, Biology pamwamba, History pansi. Pomwe ndimadzidzimuka, mayeso a pakati pa teremu anali atafika. M'mera mpoyamba, anzanga. Nazi zisanu zimene zinandidzutsa.

1. Phunziro lililonse kope lakelake, kuyambira tsiku loyamba

Kupulayimale timazolowera aphunzitsi ochepa amene amatidziwa mpaka dzina la agogo athu. Kuno belu likalira, walowa wina ndi phunziro lina, ndipo palibe amene adzakuthamangitseni kuti mukopere notsi. Lembani deti ndi mutu wa phunziro patsamba lililonse. Mukajomba, bwerekani kope la mnzanu tsiku lomwe mwabweralo. Notsi za tsiku limodzi n'zosavuta kukopera, koma za sabata yonse zimasanduka ngongole.

2. Werengani dzuwa lisanalowe

Ifeyo si a boding'i, tilibe prep ya usiku pansi pa magetsi. Tikafika kunyumba kuli kutunga madzi, nkhuni, ana, ziweto. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, kuli kubzala ndi kupalira. Ine ndinapangana ndi mayi kuti ndikaweruka ndizitsalira pasukulu ola limodzi, ntchito zanga ndizigwira m'mamawa ndi Loweruka. Anavomera chifukwa ndinawafotokozera, sindinangozemba. Kambani ndi makolo sabata ino, mvula isanayambe.

3. Chingerezi musachithawe

Ambirife timamva, koma kuyankha timaopa kusekedwa. Dziwani ichi: pa MSCE, ukalakwa Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale maphunziro ena onse utakhoza. Ine ndinatsegula tsamba kumapeto kwa kope, tsiku lililonse mawu atsopano asanu ndi matanthauzo ake. Ndinkafunsanso funso limodzi m'kalasi patsiku, ngakhale Chingerezi chake chikhale chothyokathyoka. Ankaseka, eya, koma safunsa anadya phula.

4. Pezani gulu lowerenga, osati lamacheza

Mabuku pano ndi ochepa, tonse tikudziwa. Study circle ya anthu anayi kapena asanu imathandiza buku limodzi kufikira ambiri. Lamulo lathu ndi loti aliyense abwere ndi funso limene lamukanika, ndipo afotokozere anzake mutu umodzi pakamwa, kope litatsekedwa. Ukalephera kufotokoza, ndiye kuti sunamve. Gulu likayamba za mpira ndi zibwenzi, bola kulisiya.

5. Dziwani kumene mukupita

Ma Fomu 2, chaka chino MANEB ikukudikirani ndi JCE, ndipo mafunso amachokeranso mu ntchito ya Fomu 1, choncho makope akale musakulungire mandasi. Ma Fomu 3, posankha maphunziro musatsatire mnzanu kapena kuthawa mphunzitsi wolimba. Funsani kaye kuti ntchito imene mukuifuna imalira maphunziro ati. Anzanga a Fomu 4, pa MSCE giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 walakwa. Mapointi amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza kwambiri, ndipo kuyunivesite ya boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Lembani giredi imene mukufuna pa phunziro lililonse, muone pamene pali dzenje.

Mawu awiri kwa ife akuluakulu. Kuzunza ma Fomu 1, kuwalanda ndalama ya chiwaya kapena kuwatuma ngati antchito, si mwambo, ndi nkhanza. Ine ndinajombapo masiku awiri chifukwa choopa mnyamata wina wa Fomu 3. Mwana amene wayenda mtunda wautali, mwina osadya, asamafike n'kuopanso ife. Musonyezeni kalasi, laibulale ndi chimbudzi, basi. Ndipo iwe wa Fomu 1, wina akakuvutitsa, kapena munthu wamkulu panjira akayamba kukunyengerera ndi ndalama kapena lifiti, uza aphunzitsi a kalasi yako kapena ahedi tsiku lomwelo. Kunena si umbuli.

Teremu yachitatu ya Fomu 1 masamu ndinapeza 61. Bambo sanayankhule zambiri, anangopita kukakonzetsa njinga yawo yakale n'kundipatsa kuti ndisamachedwe. Ndi imene mumaiona pansi pa mtengo wa mango paja, yopanda madigadi.

Ntchito ya sabata ino: koperani timetable, gawani makope, pezani anzanu anayi. Amene masamu akukuvutani, Lachitatu lililonse tikaweruka timakhala m'kalasi ya Fomu 4. Bwerani ndi funso.

Mnzanu wa mu Fomu 4