Masewera a Moyo pa Scratch

Anzanga, m'caka ca 1970 John Conway, mphunzitsi wa masamu ku Cambridge, anapeka masewera acilendo ochedwa Game of Life. M'masewerawa mulibe wopambana kapena wogonja. Munthu angoyala mbeu zace, ndipo zotsalazo zicitika zokha.

Tengani pepala la masamu la timabokosi. Kabokosi kali konse kangakhale kamoyo kapena kakufa, ndipo kazingidwa ndi anansi 8. Malamulo ace ndi awa:

1. Kamoyo kokhala ndi anansi amoyo 2 kapena 3 kakhalabe ndi moyo.
2. Anansi amoyo akacepera 2, kafa ndi kusungulumwa. Akapitirira 3, kafa ndi kupanikizana.
3. Kakufa kokhala ndi anansi amoyo 3 ndendende kabadwa.

Yambani ndi pensulo. Detsani timabokosi 3 motsatana mumzere wopingasa. Ta kumapeto tiri ndi mnansi mmodzi yekha, motero tifa. Kapakati kali ndi 2, katsala. Pamwamba ndi pansi pace pali anansi 3, ndipo pabadwa tatsopano. Taonani, mzere wogona uja waimirira!

Tsopano tipite ku Scratch, cilankhulo ca kompyuta cimene anthu a ku MIT anaturutsa mu 2007 kuti ana aphunzirepo. Pangani mindandanda iwiri, wina "lero" wina "mawa", uli wonse wa malo 400, ndiye kuti mizere 20 ya timabokosi 20. Lembani 1 pa kamoyo ndi 0 pa kakufa. Anansi a kabokosi n ndiwo n-1, n+1, n-20, n+20, n-21, n-19, n+19 ndi n+21. Ndi cidutswa ca repeat, yenderani kabokosi kali konse, phatikizani manambala a anansi ace, ndipo cidutswa ca if ciweruze mlandu. Ta m'mphepete mwa bwalo tisiyeni takufa masiku onse.

Cenjerani apa, pakuti ambiri apunthwapo. Werengani mu "lero", koma ciweruzo lembani mu "mawa". Mukalemba mu "lero" momwemo, kabokosi kotsatira kadzawerenga mnansi amene wafa nthawi yace isanakwane, ndipo mzere wathu uja udzaonongeka. Onse akaweruzidwa, pamenepo tsanulirani "mawa" mu "lero".

Nchito yanu nayi. Detsani kabokosi kapakati mumzere woyamba, ka kumanja mumzere waciwiri, ndi onse 3 mumzere wacitatu. Ici acicha glider, ndipo mibadwo 4 iri yonse cisuntha kabokosi kamodzi cammbali kutsikira kumanja. Kodi cikafika pa ngondya ya bwalo cidzatani? Yesani, mudzatiuze.